Chojambula cha Choko Chimene Sichinagwire Ntchito Yake

Pa zipangizo zonse zimene munthu amalembera kapena kujambulira, palibe chopeputsidwa ngati choko. Mphunzitsi amadzaza nacho bolodi m'mawa, koma belu la nthawi yopumula lisanalire mwana wasukulu amakhala atafufuta kale zonse ndi kansanza. Makala nawonso n'chimodzimodzi: chala chikangodutsapo, mzere wafafanizika. N'chifukwa chake n'zodabwitsa kuti mumzinda wa London, m'nyumba yosungiramo zithunzi ya National Gallery, muli chojambula cha makala ndi choko choyera chimene chakhala papepala kwa zaka zoposa 500. Mwini luso lake ndi Leonardo da Vinci, mmisiri wa ku Italy amene anabadwa mu 1452 ndi kumwalirira ku France mu 1519. Pa zojambula zake zikuluzikulu za papepala, chokhachi ndicho chinatsala. Angerezi amachitchula kuti Burlington House Cartoon.

Liwu lomaliza la dzinali lisasokoneze wowerenga. Masiku ano munthu akamva za makatuni amaganiza za tizithunzi toseketsa ta m'nyuzipepala, koma tanthauzo limenelo ndi la dzana: linayamba mu 1843 pamene magazini ya ku London yotchedwa Punch inabwereka liwuli pofuna kunyogodola. Gwero lake ndi liwu la Chitaliyana loti cartone, kutanthauza chipepala chachikulu. M'masiku a Leonardo, mmisiri asanayambe kupaka utoto pathabwa kapena pakhoma, ankayamba wajambula chithunzi chonse papepala, pa msinkhu wake weniweni. Akakhutira nacho, ophunzira ake ankatenga singano n'kumaboola timabowo motsatira mizere yonse, kenaka ankayala pepalalo pathabwa ndi kumaligunda ndi kathumba ka fumbi la makala. Fumbi linkalowa m'timabowo muja n'kusiya timadontho pathabwa, ndipo mmisiri ankatsata timadonthoto popaka utoto. Njira ina inali yodinda mizereyo ndi kachitsulo kosongoka. Njira zonse ziwirizi zinkasiya pepala litatheratu: lobookabooka, lothimbirira, nthawi zina lodulidwa m'zigawo. Pepala lotere linali ngati chikombole cha njerwa. Nyumba ikatha, palibe amene amafunsa kumene chikombole chapita.

Koma m'mizere ya chojambula cha ku London mulibe kabowo ndi kamodzi komwe, ndipo palibe pamene kachitsulo kanadindapo. Izi zikusonyeza kuti Leonardo sanachisamutsire pathabwa. Ntchito imene mapepala otere ankapangidwira, ichi sichinaigwire, ndipo n'chifukwa chake chilipo mpaka lero. Zinzake zimene zinatchuka kwambiri pa nthawiyo zinatha kalekale. Chipepala chachikulu chimene Leonardo anajambulapo nkhondo ya ku Anghiari, pokonzekera khoma la nyumba ya boma ya mzinda wa Florence, chinasowa. Cha Michelangelo, chosonyeza asilikali akuvuuka mumtsinje pa nkhondo ya ku Cascina, anthu ochisirira anachiduladula n'kugawana zidutswa mpaka chinazimirira.

Chojambulachi n'chotalika masentimita 141.5 ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita 104.6. Pa nthawiyo panalibe pepala limodzi lalikulu chotero, choncho anamata mapepala 8 kuti likhale limodzi, ndipo woyang'anitsitsa amaona polumikizira pake. Patapita zaka, anthu ena anamata pepala lonselo pansalu yolimba. Zojambulira zake zinali zotsika mtengo koposa. Mmisiri wina wakale, Cennino Cennini, amene analemba buku la malangizo a ntchitoyi cha m'ma 1400, anafotokoza kapangidwe ka makala ojambulira: kudula timitengo touma ta msondodzi, kutimanga m'timitolo, kutiika mumphika watsopano, kumata chivundikiro ndi dothi, ndi kukasiya mphikawo mu uvuni wa wophika buledi usiku wonse. Chofufutira chinali nthenga. Choko choyera chinali mwala wofewa wokumbidwa pansi. Palibe golide, palibe utoto wodula wochokera kutali. Mitundu ilipo itatu yokha: kuda kwa makala, kuyera kwa choko, ndi kufiirira kwa pepala lenilenilo, limene lathimbirira ndi ukalamba.

Munthu wofika mofulumira amaona akazi awiri ndi ana awiri, zonse zili mbuu ngati zili mu utsi, ndipo akhoza kupitirira msanga kukafuna zithunzi za mitundu yowala m'zipinda zina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ukugwira bwino pano, pakuti kwa zaka zambiri chojambulachi chakhala chikuonetsedwa pamalo a kuwala kochepa, poopa kuti kuwala kwambiri kungawononge pepala. Maso amayenera kuyamba azolowera mdimawo.

Akazolowera, choyamba kuoneka ndi kakhalidwe kachilendo ka anthuwa. Mariya, mayi wamkulu ndithu, wakhala chammbali pantchafu ya mayi wake Anna. M'manja mwake muli Yesu ali wakhanda, amene akudzipotokola ngati akufuna kupulumuka, monga amachitira mwana aliyense akaona mnzake. Mnzakeyo ndi Yohane Mbatizi, wokulirapo pang'ono, wa tsitsi lopotanapotana, amene wayedzamira bondo la Anna. Yesu wakweza dzanja lamanja kumudalitsa, ndipo ndi lamanzere wamugwira kuchibwano. Mibadwo itatu ili pamodzi, gogo, mayi ndi mdzukulu, popanda bambo aliyense. Kwa anthu amene amawerenga mtundu wawo potsata bele la mayi, kaundundu wotere sangakhale wachilendo. Bernardino Luini, mmisiri wa ku Milan amene anatengera chojambulachi n'kuchipaka utoto, anaona ngati pali mpata ndipo anawonjezapo Yosefe kumbuyo. Chithunzi chakecho chili ku Ambrosiana mumzinda wa Milan, ndipo ngakhale kuti n'chomalizidwa bwino lomwe, mphamvu ya choyambacho mulibe.

Dzina la Anna silipezeka m'Baibulo. Likuchokera m'buku lina la Akhristu a m'zaka za m'ma 100, lotchedwa Protoevangelium ya Yakobo. Ndiponso Mauthenga Abwino sanena kuti Yesu ndi Yohane anakumana ali ana. Koma anthu a ku Florence ankakonda nkhani zonse ziwirizi pa zifukwa zawozawo. Yohane Mbatizi ndiye nkhoswe ya mzinda wawo, ndipo pa 26 Julaye 1343, tsiku la chikondwerero cha Anna Woyera, anthu a mumzindawo anaukira wolamulira wankhanza Walter wa ku Brienne mpaka kumuthamangitsa. Kuyambira pamenepo Anna ankalemekezedwa ngati mtetezi wa ufulu wawo.

Chovuta chimene Leonardo anadzipatsa chinali chakuti anthu anayi aoneke ngati chinthu chimodzi koma aliyense akuyenda mwa iye yekha. Woyang'ana kumunsi, kumene kuli maondo ndi nsalu zopindikapindika, amavutika poyamba kudziwa kuti mwendo uwu ndi wa yani. Akakweza maso amaona ngati mitu iwiri ya akaziwo yaphuka pathupi limodzi, ngati nthambi ziwiri za mtengo umodzi. Si kulakwitsa kumeneku ayi. Ku British Museum kuli kapepala kakang'ono kamene Leonardo ankayeserapo kakhalidwe komweka. Anajambula, n'kujambulanso pamwamba pomwepo, kusuntha mutu, kusuntha mwendo, mpaka pamalopo panada bii osaonekanso kanthu. Kenaka anadinda mizere imene anaikonda kuti itulukire kuseri kwa pepalalo, n'kuyambiranso kumeneko. Bata limene lili pachojambula chachikulu linabadwa m'chipwirikiti chimenecho.

Luso lenileni lili pankhope ziwirizo. Mariya akuyang'ana pansi kwa mwana wake, ndipo kuwala kwamugwera pamphumi, patsaya ndi pakhosi. Kuwala kumeneko ndi choko, koma chochepa kwambiri, chongosisitidwa pang'ono pamwamba pa pepala. Anna sakuyang'ana ana aja. Watembenukira kwa mwana wake wamkazi, ndipo maso ake alowa mumthunzi wakuya moti munthu sangathe kunena motsimikiza ngati kumwetulira kwake ndi kwa chimwemwe kapena kwa munthu wodziwa zimene zili m'tsogolo. Nkhope imodzi ndi ya usana, inayo ndi ya madzulo. Munthu akafuna kuloza pamene tsaya la Mariya lathera ndi pamene mthunzi wayambira, sapapeza. Ataliyana amatcha kajambulidwe kotere sfumato, kuchokera ku liwu lawo lotanthauza utsi. Leonardo mwiniwake analemba m'makope ake kuti kuwala ndi mthunzi ziyenera kulowana popanda mzere wozilekanitsa, ndipo analangiza ophunzira kuti aziyang'anitsitsa nkhope za anthu mumsewu dzuwa likamalowa kapena kukachita mitambo, poti ndi pamene nkhope zimafewa. Makala ndi choko ndi zipangizo zoyenera ntchito imeneyi kuposa cholembera cha inki, chifukwa ndi fumbi, ndipo fumbi limalola kusisitidwa mpaka kuda kusanduke kutuwa, kutuwa kusanduke pepala.

Tiyenera kukumbukira... ayi, pali chinanso chimene woyang'ana amachizindikira mochedwa: Anna sakuoneka wokalamba. Gogoyu ndi mwana wake ali ngati munthu ndi mng'ono wake. Sigmund Freud, m'kabuku kake ka mu 1910 konena za ubwana wa Leonardo, anayesa kumasulira zimenezi ponena kuti mmisiriyu anali ndi amayi awiri: Caterina amene anamubereka kunja kwa ukwati, ndi Albiera, mkazi wa bambo ake Ser Piero. Maganizowa ndi okoma kumva, koma akulemetsa pepala ndi katundu amene silinapemphe. Chimene diso lingatsimikize n'chakuti nkhope ziwiri zofanana msinkhu zimachititsa woyang'ana kumangoyendayenda pakati pa izo, kufunafuna kusiyana kwake, ndipo kusiyanako amakupeza m'kuwala ndi mthunzi, osati m'makwinya.

Ndiye pali dzanja la Anna. Pakati pa thupi la Yesu lozungulira bwino ngati lingagwirike, ndi mutu wa Yohane womalizidwa mosamala, pali dzanja lalikulu lokhala ndi chala choloza kumwamba, ndipo dzanjalo ndi mzere chabe. Mulibe mthunzi, mulibe choko, mkati mwake ndi pepala lopanda kanthu. Mapazi a akaziwo, pakati pa timiyala ta pansi, nawonso anangolembedwa mwachidule, ndipo mapiri a kumbuyo ndi mizere yowerengeka. Wina anganene kuti apa mmisiri anachita ulesi, ndipo mbiri ya Leonardo ingamuvomereze, pakuti anali munthu wosiya ntchito panjira. Mwambi uja wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada ukanamuyenera: lero ali pa masamu, mawa pa kayendedwe ka madzi, mkuja akutumbula mtembo kuti aone kalumikizidwe ka minofu, monga anachitira pa chipatala cha Santa Maria Nuova ku Florence cha m'ma 1507 ndi 1508. Komabe kusamalizidwa kumeneku ndiko kwapatsa mibadwo ya pambuyo mwayi umene chithunzi chopakidwa utoto sichipereka. Papepala limodzi pali masitepe onse a ntchito, kuyambira mzere woyamba wongoyerekeza mpaka nkhope yooneka ngati ikupuma. Diso likachoka padzanja lopanda kanthu lija n'kufika patsaya la Mariya, limayeza lokha mtunda umene fumbi la makala layenda. Ndipo chala chimene chikuloza ku zosaoneka, ndicho chokhacho pakati pa chithunzi chimene sichinavekedwe mnofu. Kaya anachita dala kaya ayi, zinagwirizana.

Za chaka chimene chinajambulidwa, akatswiri akhala akukangana kwa nthawi yaitali. Ena amati ndi cha m'ma 1499 kapena 1500, pamene Afalansa analanda Milan. Mfumu yawo Louis XII inali itakwatira Anne wa ku Brittany, choncho chithunzi cha Anna Woyera chikanakhala mphatso yoyenera. Ena, ndipo National Gallery ili mbali imeneyi, amati ndi cha pakati pa 1506 ndi 1508. Chosokoneza ndi nkhani ya Giorgio Vasari, amene m'buku lake la mbiri za amisiri, lotuluka koyamba mu 1550, anasimba kuti Leonardo ali kwa ansembe a ku Santissima Annunziata ku Florence anajambula Mariya ndi Anna papepala, ndipo kwa masiku awiri amuna ndi akazi, ana ndi akulu, ankakhamukira kukaona ngati akupita ku chikondwerero. Koma Vasari anabadwa mu 1511, zimenezi zitachitika kale. Mboni yoona ndi maso inali wansembe Pietro da Novellara, amene mu Epulo 1501 analembera kalata Isabella d'Este wa ku Mantua. Chojambula chimene iye anafotokoza chinali ndi mwana wa nkhosa amene Yesu ankamugwira, ndipo za Yohane sanatchulepo. Choncho chimene khamu lija linaona chiyenera kuti chinali china, chimene chinasowa, ndipo maganizo ake ndi amene anafika pa chithunzi cha utoto chimene chili ku Louvre mumzinda wa Paris. Ngakhale zili choncho, nkhani ya Vasari ili ndi phindu lake: ikusonyeza kuti kale lomwe anthu wamba ankatha kuima pamzere kuti aone makala papepala, utoto usanafikepo.

Leonardo atamwalira, chojambulachi chinayenda m'manja ambiri. M'zaka za m'ma 1600 chinali kwa banja la Arconati ku Milan, pambuyo pake chinafika kwa banja la Sagredo ku Venice, ndipo m'zaka za m'ma 1760 chinagulidwa ndi a banja la Udny a ku Britain. Pofika mu 1791 chinali m'kaundula wa katundu wa Royal Academy, bungwe la amisiri a zojambula la ku London, limene m'zaka za m'ma 1860 linasamukira ku nyumba yotchedwa Burlington House. Dzina lija linachokera pamenepo.

Mu 1962 bungwelo, posowa ndalama, linalengeza kuti likugulitsa chojambulachi, ndipo mtengo unaikidwa pa mapaundi 800,000. Anthu a ku Britain anachita mantha kuti chigulidwa ndi olemera a kunja. Chinaikidwa poonekera ku National Gallery, anthu miyandamiyanda anabwera kudzachiona, ndipo ambiri ankasiya kangachepe m'mabokosi a zopereka. Bungwe la National Art Collections Fund linatsogolera msonkhamsonkhawo, ndipo boma la nduna yaikulu Harold Macmillan linathirapo mapaundi 350,000 kuti ndalama zikwane. Mutu umodzi susenza denga. Kuyambira chaka chimenecho chojambulachi chinakhala cha mtundu wonse, ndipo aliyense akhoza kukachiona popanda kulipira.

Tsoka linafika pa 17 Julaye 1987. Madzulo, nyumbayo ili pafupi kutsekedwa, munthu wina amene anabisa mfuti yodulidwa mpope m'chovala chake anaima patsogolo pa chojambulachi n'kuwombera ali pafupi. Galasi lolimba limene linkachitchinga linagwira tizipolopolo, koma mphamvu ya kuwombako inaphwanya galasilo n'kulikankhira mkati, ndipo linang'amba pepala pamalo okwana masentimita pafupifupi 15, pachovala cha Mariya cha pachifuwa. Nkhope zonse zinapulumuka. Munthuyo anapezeka kuti anali wodwala maganizo ndipo anatumizidwa ku chipatala. Ntchito yokonza inaperekedwa kwa Eric Harding, katswiri wosamala mapepala akale wa ku British Museum. Iye anatola tizidutswa ta pepala makumi angapo, tina tochepa ngati njere ya mpunga, ndipo poyang'anira m'galasi lokuza zinthu ankafufuza malo a kachidutswa kalikonse n'kukamata pamalo pake. Panalinso tizidutswa ta galasi toyenera kuchotsedwa popanda kukokolola fumbi la makala limene Leonardo anasiyapo, poti pa chojambula chotere fumbilo ndilo chithunzi chenichenicho. Ntchitoyi inatenga nthawi yoposa chaka, ndipo mu 1989 anthu anayambanso kuchiona. Amene sanauzidwe za ngoziyo sazindikira msanga pamene panali bala.

Kuyambira mu Novembala 2024 mpaka mu Febuluwale 2025 chojambulachi chinabwerera ku Burlington House ngati mlendo wobwerekedwa, pa chionetsero cha ntchito za Michelangelo, Leonardo ndi Raphael. Okonza chionetserocho anabweretsa ganizo lina pa funso lakale lija lakuti Leonardo ankachijambulira yani. Iwo anati mwina chinali chitsanzo cha chithunzi cha paguwa cha m'chipinda chachikulu cha msonkhano m'nyumba ya boma ya Florence, momwe muja ankajambulamo nkhondo ya ku Anghiari. Ntchito ya paguwalo inapatsidwa koyamba kwa Filippino Lippi, amene anamwalira mu 1504 asanaigwire. Mu 1510 inaperekedwa kwa Fra Bartolomeo, ndipo iye anaika Anna Woyera pakati, kumbuyo kwa Mariya ndi mwana. Koma mu 1512 a banja la Medici anabwerera mumzindamo, boma la anthu limene linaitanitsa chithunzicho linagwa, ndipo thabwa la Fra Bartolomeo linatsala lili ndi mizere ndi mithunzi yokha, lopanda mitundu. Lili ku San Marco mumzinda wa Florence.